Magazi a Msuweni

Akazi anga anayamba kutopa m'nyengo yozizira. Poyamba tinkati ndi ntchito. Amagulitsa kaunjika pafupi ndi pokwerera maminibasi, amene kuno ku Bulawayo timati makombi, ku Emakhandeni, ndipo ntchito imeneyo ndi yoimirira tsiku lonse, kututa mitolo m'mawa ndi kuibweza madzulo. Koma kenaka anayamba kupumira m'mwamba akangoyenda pang'ono. Zikhatho zawo zinayera. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pansi m'khitchini, tsache lili m'manja, akudikira kuti chizungulire chithe.

Kuchipatala anawapeza ndi zotupa m'chiberekero. Dokotala anati si khansa, koma zotupazo ndi zimene zinkawatayitsa magazi ambiri mwezi ndi mwezi. Panafunika opaleshoni. Anatiuzanso kuti opaleshoni yotere sayamba popanda magazi odikira pambali, makamaka kwa munthu amene magazi ake achepa kale. Zimenezo sizinandidetse nkhawa. Akazi anga ndi a gulu la O, ine ndine wa O, ana athunso ndi a O. Pa zonse zimene tinamva tsikulo, nkhani ya magazi ndiyo inaoneka yophweka.

Tsiku la opaleshoni litayandikira anatiitana. Sanatitengere ku wodi koma ku kachipinda ka kuseri, kumene tinapeza mayi wina wa ku labu, wovala magalasi, wolankhula Chindebele chosakaniza ndi Chingerezi. Anati wayesa magazi a akazi anga ndi mapaketi onse a O amene analipo, ndipo onse akanidwa.

Zimene anatifotokozera ndizilemba monga ndinazimvera. Ine sukulu ndinalekeza fomu folo, ntchito yanga ndi yodula magalasi a mawindo. Anati zilembo zimene tonse timadziwa, A, B ndi O, ndi zikuluzikulu chabe. Pa timaselo tofiira ta m'magazi pali zizindikiro zina zambiri, zimene nthawi zambiri sizivutitsa munthu. Chimodzi mwa izo amachitcha U. Pafupifupi aliyense ali nacho, koma akazi anga alibe. Si matenda ayi. Munthu wotere amabadwa, kukula mpaka kukalamba osadziwa kanthu. Vuto limabwera thupi lake likakumana ndi magazi okhala ndi chizindikirocho. Limapanga asilikali olimbana nawo, ndipo asilikali amenewo sachoka.

"Koma ine sindinaikidwepo magazi," anatero akazi anga.

"Munabereka kangati, mama?"

"Katatu."

"Womaliza anabadwa bwanji?"

Tinayang'anana. Mwana wathu womaliza anabadwa wachikasu, ndipo anakhala masiku angapo pansi pa nyale asanatuluke m'chipatala. Tinali titaiwala, poti anakula bwino. Mayi uja anati ana athu anatenga chizindikirocho kwa ine, ndipo pobereka timagazi tawo tochepa tinalowa mwa mayi awo. Thupi linaphunzira pamenepo.

"Ndiye ine sindingapereke?" ndinafunsa.

"Inu makamaka ayi, baba. Ana anunso ayi."

Ndinali nditapinda kale mkono wa malaya tisanalowe m'chipindamo. Ndinautsitsa, n'kumanga batani.

Ndinafunsa kuti anthu otere amapezeka kuti. Anati kwa azungu ndi amwenye sizimveka kwenikweni. Zimapezeka mwa ife anthu akuda, komabe ngakhale mwa ife ndi ochepa, madera ena ochulukirapo, madera ena pafupifupi kulibe. Ambiri sadziwika chifukwa palibe amene amayezedwa zimenezi popanda chifukwa. Anati alemba kale kwa anzawo osunga magazi m'mizinda ina ndi kunja kwa dziko, koma zimenezo zimatenga nthawi ndipo sangalonjeze. Akazi anga akanatha kudzisungira magazi awo omwe, koma anali ochepa kwambiri moti palibe akanalola kuwachotsa.

"Yambirani pakhomo," anatero. Anafotokoza kuti munthu amakhala wopanda chizindikirocho pokhapokha atatengera kwa makolo onse awiri. Bambo akhoza kukhala nako kusowako mobisika, mayi chimodzimodzi, iwo eni osaonetsa kanthu. Zikakumana mwa mwana, ndi pamene zimaonekera. Kwa makolo otere zimagwera mwana mmodzi mwa anayi, ngakhale siziyenda pamzera, banja lina zimagwera onse, lina palibe.

Kenaka anafunsa mosamala, ngati munthu woopa kulakwira mlendo. "Pepani, mama. Makolo anu sanali pachibale?"

Akazi anga anaseka, koyamba tsiku limenelo. "Anali asuweni. Agogo anganso anali asuweni."

Kwathu zimenezi si zamanyazi. Mwana wa malume kapena wa azakhali ndi msuweni, ndipo akuluakulu ankakonda kuti asuweni akwatirane, poti mbiri ya banja lililonse ikudziwika. Makolo a akazi anga anachokera kufupi ndi Katete, ku mabanja awiri amene akhala akupatsana ana kuyambira kalekale. Amuna a m'mabanjawa atabwera ku Bulawayo kudzagwira ntchito ya njanji, anakhazikika ku Makokoba, n'kumatumiza uthenga kumudzi kuti awatumizire akazi. Amene ankabwera anali asuweni omwewo. Mayi wa ku labu anavula magalasi n'kuwapukuta. Anati ngati zili choncho, tisayang'ane kutali.

Woyamba kuyezedwa anali alamu anga, mlongo wawo wa akazi anga, amene amakhala ku Njube. Sizinagwirizane. Mng'ono wawo wa ku Joni anakayezetsa komweko, nayenso ayi. Abale a mimba imodzi anathera pomwepo. Panatsala asuweni ndi ana awo, omwazikana ku Makokoba, ku Njube ndi kwina. Alamu anayenda khomo ndi khomo, ndipo tsiku lina m'mawa tinadzaza kombi yonse kupita kukatengetsa timagazi toyezera.

M'kombi imeneyo munali munthu amene nkhani ino ikunena. Ndi mwana wa malume awo a akazi anga, wamkulu pang'ono kwa ine, wowonda, wa mawu aakulu. Amamata matayala m'mbali mwa msewu ku Makokoba, pafupi ndi holo ya mowa. Ali ana, akuluakulu ankati awiriwa adzakwatirana. Sizinachitike, koma iye sanaleke kuwatcha akazi anga "mkazi wanga", ndipo ine kuyambira tsiku la ukwati wathu amanditcha wakuba. Akandiona ndikubwera amakuwa msewu wonse kuti, "Akuba aja afika, bisani akazi!" Akazi anga amamubwezera ndi mawu amene sangauze munthu wina aliyense padziko.

Ine ndinakula wopanda msuweni. Bambo anga anachoka okha ku Ntcheu kudzagwira ntchito ku mgodi, mayi anga analinso mwana wa mlendo, ndipo pakhomo pathu panalibe wachibale woti n'kuseleulana naye. Chisuweni ndinkachidziwa ndi makutu chabe. Akayamba zawo, ine ndinkangomwetulira n'kuyang'ana pansi.

Tsiku la kombi iye ndiye anali wosangalatsa anthu. "Ine ndangoperekeza," ankatero. "Muno mulibe magazi, muli masese okhaokha. Mukamuika mkazi wangayu, adzuka pa opaleshoni akuimba." Namwino atatulutsa jakisoni, iye anatseka maso n'kuitana mayi ake amene anamwalira kalekale, ndipo azimayi onse pamzera anagwa nako kuseka.

Patapita masiku mayi wa ku labu anandiimbira. Mwa anthu onse a m'kombi muja, mmodzi yekha anali wa O komanso wopanda U. Anali iyeyo.

Timagazi tija anatitenga pofuna kuona mtundu chabe. Kuti apereke paketi yeniyeni, anayenera kupita kumalo operekera magazi, kukafunsidwa mafunso, ndipo magaziwo akanayezedwa matenda monga amachitira ndi aliyense. Alamu anamuuza zonsezi pafoni. Anayankha kuti palibe vuto. Kuchokera pamenepo foni yake inaleka kuyankhidwa.

Ndinaganiza zopita ndekha, ndipo ndinachita monga bambo anga anandiphunzitsira popempha chinthu chachikulu. Ndinavala jekete. Ndinatenga alamu kuti akhale pakati. Titafika pamalo pake ndinavula chipewa, ndinakana mpando n'kunjuta, ndinawomba m'manja. Ndinamutcha bambo. Ndinati moyo wa mayi wa ana anga uli m'manja mwawo, ndipo ine ndilibe china choti n'kupereka koma kupempha.

Anaika chitsulo chake pansi. Nkhope yake inasintha. Sanakuwe za akuba, sanaseke. Anati, "Ndamva, alamu. Ndibwera." M'zaka zonse za ukwati wanga anali asananditchepo alamu. Pobwerera ndinkaganiza kuti zayenda bwino.

Sanabwere. Nditapitanso, mayi wowotcha chimanga pafupi ndi malo ake anati watuluka, wapita kukafuna matayala ku tauni. Jekete lake linali pa benchi, foni ili pamwamba pake.

Alamu anakwiya kwambiri. Anati munthu wotere ndi chinyama, anatinso akamugwira pakhosi n'kumukokera komweko. Ine mkwiyo sunabwere. Ndinakumbukira maliro a mkazi wake. Anamwalira m'zaka zija matenda aja ankatenga anthu nyumba ndi nyumba, mapilisi asanafike kwa anthu wamba. Anadwala nthawi yaitali, anawonda, ndipo pamaliro palibe anatchula dzina la matendawo. Iye sanakwatirenso. Ndinaganiza kuti mwina ndadziwa chimene akuthawa, koma sindinadziwe kuti munthu angayambe bwanji kulankhula zimenezo ndi mwamuna mnzake.

Nthawi imeneyi akazi anga anali ataleka kupita ku kaunjika. Ankamwa mapilisi owonjezera magazi, koma zimene mapilisi ankamanga, mwezi unkagumula. Ankagona masana, chinthu chimene sanachitepo chikwatirane. Nditabwerako ulendo wachiwiri uja anandiitana kuchipinda.

"Tandiuzani, munalankhula naye bwanji?"

Ndinafotokoza.

"Munavala jekete?"

"Inde."

"Munawomba m'manja?"

"Ndinawomba."

"Kwa ameneyo?" Anadzuka n'kutsamira khoma. "Abambo inu. Mwakamuuza kuti ndafa kale."

Ndinati ndinkafuna aone kuti nkhaniyi ndi yaikulu.

"Akudziwa kuti ndi yaikulu, n'chifukwa chake wabisala. Msuweni sapemphedwa ndi m'manja. Ife ngakhale pamaliro timanyozana. Pamaliro a mayi anga anandiuza kuti ndikulira ngati mbuzi, ndipo ndi tsiku limenelo ndinayamba kudya. Inu mwamuika pa mpando wa mfumu, atsika bwanji? Ndipatseni nsapato zanga."

Ndinakana. Ndinati sangathe kuyenda. Anati ndiye ndiwabereke.

M'mawa mwake tinakwera kombi mpaka m'tauni, n'kuyamba kuyenda wapansi kulowera ku Makokoba. Si patali, koma tinapuma kangapo, iwo atagwira mpanda kapena phewa langa. Titafika, mayi wa chimanga uja anatsegula pakamwa kuti anene zimene anauzidwa, koma ataona nkhope ya akazi anga anatseka. Akazi anga anakhala pa tayala la lole, napuma mpaka mpweya utabwerera.

"Iwe galu wa malume!" anakuwa. Mawu anali ochepa mphamvu koma anamveka. "Tuluka kuseri kwa matayalako. Timiyendo tako ta dzombe tikuoneka."

Panapita kanthawi. Kenaka anatuluka, akupukuta manja pa ovolosi. Anali asanawaone kwa milungu ingapo, ndipo ndinaona maso ake akuthawa.

"Mwabwera, asuweni," anatero motsitsa. "Mukupeza bwanji?"

"Asuweni ndani? Ulemu wauyamba liti? Akuphunzitsa ndi awa?" Anandiloza ndi chibwano. "Tandiyang'ana bwino."

Anawayang'ana. "Koma wayera, mkazi wanga," anatero. "Wasanduka mzungu osandiuza? Unditengeko kwanuko."

Mayi wa chimanga anaseka, ndi amuna awiri amene ankadikira tayala lawo.

"Ndayera chifukwa mwamuna wanga wa ku Makokoba ndi wamantha. Zaka zonsezi mkazi wanga, mkazi wanga. Unandigulirapo chiyani? Ngakhale duku. Awa ukuwatcha akubawa ndi amene amandiveka. Lero ndabwera kudzatenga kanthu kamodzi, kamene nsikidzi za m'nyumba mwako zimamwa ulele."

"Nsikidzi zanga ndi zaulemu," anayankha. "Zimamwa n'kumapita. Sizifunsa mafunso. Sizipita nawo ku makina."

Amuna aja anasekanso, koma akazi anga sanaseke. Anamukodola kuti ayandikire. Anakhala pa tayala lina pafupi nawo. Ine ndinafuna kusuntha, koma anandigwira buluku kuti ndikhale pomwepo.

"Ndikudziwa chimene ukuopa," anatero motsitsa mawu. "Mkazi wako ndinamusambitsa ndine."

Iye anayang'ana manja ake.

"Akakupeza nako, udzamwa mapilisi ngati anthu ena onse mumsewu uno, ndipo ine ndidzadikira a kunja aja. Sindidzakuda. Koma ndidziwe. Usandisiye ndikudikira munthu wobisala kuseri kwa matayala."

"Si mapilisi," anatero. "Akandipeza nako, ndiye kuti ndinamupha ndine."

"Zimenezo makina sanena. Sanena kuti anayamba ndani. Amangonena za iwe lero."

"Iwe umadziwa zonse."

"Ndinakuposa kuyambira sitandade wani, mbuli iwe."

Anatulutsa kamphepo m'mphuno, ngati kuseka. Anatola mwala n'kuuponya pa limu yakale ya gudumu. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Akuba inu. Mukandiperekeza?"

"Ndikuperekezani."

"Nanunso akakubayeni. Ndisakhale ndekha wolira."

Ndinavomera.

Anasankha kuyamba wapita ku kiliniki kumene amayeza kachilombo n'kukuuza pomwepo. Anati safuna kukamva ndi anthu a magazi, atawapatsa kale chiyembekezo. Tinapita tsiku lomwelo, titawakweza akazi anga kombi ya ku Emakhandeni. Ndinayamba kulowa ndine. Iye atalowa anakhalitsa. Potuluka sanandiyang'ane, anangodutsa n'kukakhala pa benchi ya panja, pansi pa mtengo wa jakaranda. Ndinakhala pambali pake.

"Akuti ndilibe," anatero.

Ndinati tithokoze Mulungu.

"Ndawauza kuti ayezenso. Ayezanso. Akuti ndilibe." Anapukuta nkhope ndi chipewa. "Nanga mkazi uja anafa ndi chiyani? Namwino akuti zimachitika, wina kukhala nako, wina ayi, m'nyumba imodzi. Akutinso mwina sikanali n'komwe. Zaka zonsezi, alamu. Ndakhala ndikudikira kuti ndiyambe kuwonda."

"Ndinu owonda kale," ndinatero.

Sindikudziwa kuti mawuwo anachokera kuti. Anandiyang'ana modabwa, kenaka anaseka mpaka kutsokomola, misozi ikutsika. Anati ndinaba kale akazi a eni, tsopano ndayamba kuba ndi chipongwe chomwe.

Kumalo operekera magazi anamuuza kuti abwere atadya bwino ndiponso asanalawe mowa. Lamulo lachiwirili analidandaula njira yonse. Anagona pa bedi lina, ine pa lina, poti ndinali nditalonjeza. Magazi anga wamba anapita kwa munthu amene sindidzamudziwa. Paketi ya msuweni anaimata chizindikiro chofiira, ndipo mayi wina anainyamula yekha ndi manja awiri. Msuweniyo atadzuka anachita chizungulire, anamugoneka miyendo m'mwamba, ndipo ali chigonere choncho anapempha bisiketi yachiwiri, ati munthu wosowa ngati iye sangapatsidwe zofanana ndi anthu wamba ngati ine.

Inali paketi imodzi yokha. Dokotala ankafuna ziwiri. Munthu sapereka kawiri motsatizana, ndipo magazi osungidwa sakhala mpaka kalekale, choncho kudikira kuti aperekenso kukanaononga yoyambayo. A kunja aja anali asanayankhe. Dokotala anatikhazika pansi n'kutiuza mosabisa. Akhoza kuchita opaleshoni ndi paketi imodziyo, atayamba wawaika akazi anga mankhwala owonjezera magazi a m'diripi ndi ena ochepetsa kutaya. Koma ikachepa, palibe ina mumzinda wonse. Tikadikira, mwina ina ipezeka, mwinanso thupi lipitirira kufooka.

Akazi anga anafunsa ngati dokotalayo adzachite yekha ndi manja ake. Dokotala anati inde. Akazi anga anati ndiye tichite.

Tsikulo tinadikira pa khonde la chipatala, ine, alamu, mwana wathu wamkazi ndi msuweni uja. Anabwera atavala malaya oyera amene sindinawaonepo. Alamu, amene anali asanamukhululukire kwenikweni, anamugulira botolo la madzi, nalandira osayang'ana. Nthawi ina namwino anadutsa mofulumira atanyamula kabokosi kozizira. Tonse tinadziwa chimene chinali m'katimo. Iye anaimirira, anakatsatira ndi maso mpaka chitseko chitatsekeka, ndipo sanakhalenso pansi.

Dzuwa litapendeka dokotala anatuluka. Anati zotupa zachotsedwa pamodzi ndi chiberekero. Akazi anga anataya magazi kuposa mmene iye ankafunira, ndipo paketi ija yalowa yonse. Thupi lailandira. Inakwana.

Alamu anakhala pansi pa simenti. Mwana wanga anandigwira dzanja. Msuweni anafunsa funso limodzi lokha, ngati akufunanso ena, poti iye akadali nawo. Dokotala anati ayi, apite akadye.

Tsiku lotsatira anatilola kulowa ku wodi awiriawiri. Akazi anga anali ofooka, milomo youma, koma zikhatho zinali zitayamba kufiira. Msuweni anaima kumiyendo kwa bedi, chipewa chili m'manja.

"Waimba?" anafunsa.

"Ndalota ndikumata matayala," anayankha akazi anga ndi mawu a pansi. "Fungo lako lili thupi lonse. Choka apa."

Anatuluka akumwetulira, ndipo pa khonde anauza aliyense amene anakumana naye kuti mkazi wake wamuthamangitsa.

Kuchira kunatenga miyezi. Tisanatsanzikane, mayi wa ku labu anatiitananso. Anapempha kuti msuweni asasinthe nambala ya foni osawauza, chifukwa tsiku lina kudzapezeka munthu wina wotere, mwina mayi woyembekezera, mwina mwana, ku Harare kapena kwina. Anauzanso akazi anga kuti akadzalimba, nthawi yoyenera itapita, nawonso akhoza kupereka. Kwa ana athu anati aliyense wa iwo ananyamula theka la nkhaniyi mobisika. Iwo eni sizidzawavuta, koma adzawauze ana awo, kuti wina akadzamva kuti magazi akukanidwa asadzayambire kutali monga tinayambira ife.

Panali chinthu china chimene anatchula pomaliza, chimene ine ndinali ndisanachiganize. Msuweni naye akadzavulala kapena kudwala mofuna magazi, vuto lidzakhala lomwelo. Mwina ulendo woyamba thupi lake lingalandire magazi wamba, koma pambuyo pake ayi. Monga mmene tikudziwira mpaka lero, mu Bulawayo muno awiriwa ali okha.

Akazi anga anabwerera ku kaunjika wawo. Loweruka lina tikuchokera kukaoda katundu m'tauni anati tidzere ku Makokoba, ali ndi chiwindi ndi bonongwe zoti akamusiyire. Titakhota pa kona ya holo ya mowa tinaona lole yaikulu itaima pamalo pake, gudumu limodzi litachotsedwa. Jeke panalibe. Loleyo inakhala pa njerwa zosanjikiza, ndipo pansi pake panatuluka miyendo iwiri yowonda.

Akazi anga anandipatsa jumbo. Anayenda mofulumira kuposa mmene ndinawaonera chaka chonsecho, nagwira mwendo umodzi n'kukoka.

"Tuluka pansi pamenepo, chitsiru iwe! Njerwa? Magazi amenewo si ako wekha!"

Anatuluka chagada, mafuta ali kumaso, akukuwa kuti anthu amuthandize, mkazi wake akumupha. Akazi anga sanamusiye mwendo mpaka mwini lole atapita kukabwereka jeke.